Mabuleki Ofewa pa Njinga ya Moto: Chiyambi Chache ndi Makonzedwe Ache

M'zaka zapitazi njinga za moto zachuluka ndithu m'boma la Phalombe. Pa msika wa Migowi, pa Chiringa ndi pa Boma peni peni anyamata a kabaza aima m'mizere kulindira anthu a ulendo. Njinga zomwezi zinyamula nandolo ndi mpendadzuwa kunka ku msika, matemba ochokera ku nyanja ya Chilwa, ana a sukulu, ndiponso odwala ndi amai apakati opita ku chipatala cha Holy Family. Alangizi a za ulimi ndi a za umoyo nawonso afika m'midzi pa njinga zotere.

Kuthamanga njinga iri yonse ithamanga, koma nkhani yaikulu iri pa kuima. Dandaulo limene amakaniko alimva kawiri kawiri ndi lakuti buleki yafewa. Kunena kwache nkwakuti wokwera akakoka chogwirira cha buleki, chibwera mopanda mphamvu ngati akufinya buledi, nthawi zina mpaka kukagunda handulo, njinga iri kupitirirabe. Ambiri aizolowera njinga yotere, nanena kuti adzakonza pa kutha kwa mwezi. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mbuzi kapena mwana wodumpha mseu salindira kutha kwa mwezi.

Chimene owerenga ayenera kudziwa ndi ichi: buleki sifewa popanda chifukwa, ndipo chifukwacho chipezeka ngati munthu afufuza mwa dongosolo, kuyambira pa zinthu zosadya ndalama. Kugula paipi yatsopano ndi chinthu chotsiriza, si choyamba ai.

Miseu ya Kuno Ifuna Mabuleki Olimba

Wokwera wochokera ku Nkhulambe kudzera pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, atsika mtsetse wautali asanafike ku chigwa cha Phalombe, ndipo pa mtsetse wotere mabuleki atentha kwambiri. Namondwe wa Freddy wa mwezi wa Marichi, 2023, anakumba miseu ndi kugumula milatho m'bomali, ndipo mvula ya chaka ndi chaka isiya zigwembe zimene munthu aziona ali pafupi kale. Pa mseu wa tara wochokera ku Zomba kudzera ku Jali kufikira ku Chitakale vuto ndi liwiro. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ora ifuna mtunda wochuluka kanai kuti iime poyerekeza ndi yothamanga makilomita 30, si kawiri chabe. Munthu wonyamulidwa ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 aonjezanso nchito ya mabuleki.

Alipo okwera ena amene aopa buleki ya kutsogolo, amati igwetsa, motero aisiya yosakonza. Uku nkulakwa kwakukulu. Njinga ikamaima kulemera kwache kuthamangira ku gudumu la kutsogolo, ndipo pa mseu wouma buleki ya kutsogolo igwira pafupi fupi magawo 7 mwa magawo 10 a nchito yonse yoimitsa njinga. Pa mchenga ndi pa matope ikokedwe mofatsa, koma isasowe.

Mitundu Iwiri ya Mabuleki

Poyamba mwini njinga adziwe mtundu wa mabuleki ache. Njinga zambiri za kabaza ziri ndi mabuleki a diramu. M'kati mwa gudumu muli mashuzi awiri, okokedwa ndi kebulo kutsogolo ndi kachitsulo kakatali kumbuyo. Njinga zina ziri ndi buleki ya disiki, maka maka kutsogolo. Disiki ndi mbale yachitsulo yozungulira pamodzi ndi gudumu, imene ipanidwa ndi mapadi awiri mwa mphamvu ya mafuta oyenda m'paipi. Buleki yotere inayamba kufala pa njinga m'chaka cha 1969, pamene kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga ya CB750. Mitundu iwiriyi ifewa pa zifukwa zosiyana.

Mabuleki a Diramu

Apa palibe mafuta kapena paipi. Kufewa kuchokera ku kebulo yotamuka, mashuzi otha, kapena matope ndi girizi zolowa m'diramu. Pa mapeto a kebulo ndi a kachitsulo ka kumbuyo pali nati yosinthira. Imangidwe pang'ono pang'ono. Pa njinga zazing'ono zambiri nsonga ya chogwirira iyenera kuyenda mamilimita 10 mpaka 20 buleki isanayambe kugwira, ndipo chopondera cha phazi mamilimita 20 mpaka 30. Atatha, wokonzayo anyamule gudumu ndi kulizungulitsa, kuona kuti silikukhula.

Pa kamkono ka buleki ka pa gudumu pali kamuvi, ndipo pa chivundikiro pali chizindikiro. Ziwirizi zikakumana buleki itagwidwa, ndiye kuti mashuzi atha. Ena achotsa kamkono kaja nakabwezera pa mano ena kuti mashuzi otha agwirebe nchito. Izi nzoopsa, pakuti kachitsulo kotambasula mashuzi kangathe kupitirira malo ache ndi kukanirira, gudumu nkugwidwa njinga iri pa liwiro. Kebulo imene yaduka ngakhale kawaya kamodzi isinthidwe. Fumbi la m'diramu lipukutidwe ndi nsalu yonyowa, lisauziridwe ndi pakamwa, chifukwa liononga mapapo.

M'mene Buleki ya Disiki Igwirira Nchito

Pa handulo pali kathanki ka mafuta ndi kapampu, kamene amakaniko amati masitala. Ku gudumu kuli kalipa, ndicho chopanira mapadi. Pakati pa ziwirizi pali paipi. Wokwera akakoka chogwirira, kapampu kakankha mafuta, mafuta nakankha pisitoni ya mu kalipa, mapadi napana disiki. Mfundo yache anailongosola Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, kuti mphamvu yokankha madzi otsekeredwa ifika mbali zonse mosachepa.

Chinsinsi chonse ndi chakuti mafuta safinyika, koma mpweya ufinyika. Chotero chiri chonse chimene chifinyika, kutamuka kapena kudontha pakati pa dzanja ndi disiki chidya mphamvu ya dzanja, buleki nifewa.

Kufufuza Pamene Pali Vuto

Mwini njinga ndi mnzache angathe kuyesa zinthu izi pa khomo, popanda kulipira kanthu.

1. Aone mafuta pa kagalasi ka kathanki, njinga itaima chiriri. Akatsika pansi pa mzere, ndiye kuti mapadi atha kapena pena pache pakudontha. Mapadi asinthidwe pamene kamzere ka pakati pache kafafanizika, kapena atsala ngati milimita imodzi. Kalipa imene yakanirira ndi matope itsukidwe kuti iziyenda bwino pa tizitsulo tache.

2. Apukute malo onse olumikizira paipi, akoke chogwirira kolimba, naone ngati patuluka chinyezi. Pamene panyowa pali kudontha.

3. Akoke chogwirira kasanu msanga msanga. Chikalimba, ndipo patapita kanthawi nkufewanso, kawiri kawiri vuto ndi mpweya.

4. Achigwire kolimba kwa theka la mphindi. Chikamalowa pang'ono pang'ono popanda kudontha pali ponse, timphira ta m'kapampu tatha ndipo tifunika kusintha.

5. Mnzache afumbate paipi m'dzanja pamene iye akukoka. Ikamveka kutupa, kapena ikaoneka ndi ming'alu, chotupa kapena malo okhulika, paipiyo yatha.

6. Ngati buleki iri bwino m'mawa koma ifewa potsika phiri, nibwereranso itazizira, vuto ndi mafuta akale.

Za Mafuta a Buleki

Mafuta a buleki amwa chinyezi cha mu mpweya, ngakhale kathanki kali kotseka. Pa botolo palembedwa DOT ndi nambala, umene ndi muyeso woikidwa ndi boma la America ndipo utsatidwa m'maiko ambiri. Mwa muyeso umenewu mafuta atsopano a DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 madigiri 230. Koma akamwa madzi pang'ono chabe, osakwana magawo 4 mwa 100, a DOT 3 angathe kuwira pa madigiri 140 ndi a DOT 4 pa madigiri 155. Potsika mtsetse wautali kalipa itentha, mafuta awira, nthunzi nilowa m'malo mwache. Nthunzi ifinyika monga mpweya, ndipo chogwirira chifika pa handulo pa nthawi imene wokwera achifuna koposa. Nchifukwa chache potsika phiri ndi bwino kuika giya yaing'ono kuti injini ithandize, osakhalira buleki njira yonse.

Mafuta atsopano ali oyera, ofiirira pang'ono. Akada ngati tiyi wopanda mkaka, atha nchito. Mabuku a njinga za Yamaha alangiza kusintha mafuta pa zaka 2 ziri zonse. Pa chivundikiro cha kathanki palembedwa mtundu wofunika, ndipo umenewo ndiwo ugulidwe. Mafuta a DOT 5 ndi a mtundu wina ndithu, asasakanizidwe ndi DOT 3 kapena DOT 4.

Agule botolo losatsegula. Mafuta oyezedwa m'timabotolo pa msika amwa kale chinyezi, ndipo palibe adziwa chimene chasakanizidwamo. Oilo wa injini, dizilo, parafini kapena mafuta ophikira zisathiridwe m'kathanki ngakhale tsiku la mavuto, pakuti zitupitsa timphira tonse, buleki nifa. Mafuta a buleki ndi poizoni, ndipo asenda penti. Asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene ana angafikire.

Kutulutsa Mpweya

Nchito imeneyi amakaniko amati kubulida. Ifuna anthu awiri, sipanala yaing'ono, kawiri kawiri ya nambala 8, kapaipi koonekera m'kati, botolo lopanda kanthu ndi mafuta atsopano.

1. Njinga iime pa sitandi ya pakati, ndipo handulo ikhotetsedwe kuti kathanki kakhale kosapendekeka. Thanki ya petulo ifundidwe nsalu. Chivundikiro chipukutidwe chisanatsegulidwe, kuti fumbi lisagweremo.

2. Pamwamba pa kalipa pali kabawuti kabowo kotulutsira mpweya. Kapaipi kavekedwe pamenepo, mapeto ache namira m'mafuta pang'ono m'botolo lija.

3. Woyamba akoke chogwirira katatu mofatsa, nachigwira osachisiya.

4. Wachiwiri amasule kabawuti pang'ono, ngati gawo limodzi mwa magawo anai a kuzungulira. Mafuta ndi thobvu zituluka, ndipo chogwirira chilowa.

5. Wachiwiri amange kabawuti, ndipo pamenepo mpamene woyamba asiye chogwirira. Akachisiya kabawuti kali kotsegula, mpweya ubwereramo.

6. Abwereze chomwecho kufikira mafuta atuluka oyera opanda thobvu. Nthawi yonseyi kathanki kasaume, pakuti kakauma nchito iyambanso pachiyambi.

7. Potsiriza adzaze kufikira pa mzere wa pamwamba, atseke bwino, natsuke ndi madzi pali ponse pamene mafuta anadonthera.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mpweya ukonda kukwera, motero ubisala pa malo okwera a paipi ndi pa bawuti ya pa kapampu. Kugogoda paipi ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuthandiza thobvu kukwera. Ngati buleki ikali yofewa pang'ono, chogwirira chimangidwe ndi legeni chiri chokokedwa usiku wonse, ndipo m'mawa chimasulidwe ndi kukokedwa pang'ono pang'ono kuti thobvu litulukire m'kathanki. Njira ina ndi kukankha mafuta kuchokera pansi ndi sirinji yaikulu kudzera pa kabawuti kaja. Sirinjiyo ikhale yatsopano, si yotola ku dzala la chipatala ai.

Mafuta akagwera pa mapadi, mapadiwo aonongeka ndipo asinthidwe.

Kusankha Paipi

Mapadi akakhala abwino, mafuta atsopano, mpweya utatuluka, timphira tiri bwino, koma buleki ikali yofewa, tsono ndiyo nthawi yoganiza za paipi. Paipi ya mphira iri ndi ulusi wolukidwa m'kati mwache. Dzuwa, kutentha ndi kupindika kwa tsiku ndi tsiku zifooketsa ulusiwo, paipi niyamba kutupa ikakankhidwa. Mabuku a Yamaha alangiza kusintha mapaipi pa zaka 4 ziri zonse, kapena msanga akaoneka ming'alu.

Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi paipi ya mphira yonga imene inabwera ndi njinga. Mtengo wache ngotsikirapo, ipindika mosabvuta, ndipo ikayamba kutha ionetsa ming'alu kunja. Kwa njinga ya kabaza kapena ya mlangizi, paipi yatsopano ya mphira yabwino ikwanira ndithu.

Wachiwiri ndi paipi yolukidwa ndi waya wosachita dzimbiri. M'kati mwache muli kapaipi ka pulasitiki yolimba yotchedwa Teflon, imene anaitulukira Roy Plunkett ku America m'chaka cha 1938. Paipi yotere situpa kweni kweni, motero chogwirira chimveka cholimba, ndipo ikhalitsa. Koma iri ndi zobvuta zache. Mtengo wache ngokwera. Ikapindidwa kwambiri ithyoka m'kati, kunja kusaoneka kanthu. Ngati iribe chikuto cha pulasitiki kunja, waya uja acheka penti ndi mawaya a magetsi ngati tupa, ndipo mchenga ulowa pakati pa waya ndi kapaipi. Ndiponso siichotsa mpweya. Munthu woika paipi yokwera mtengo osabulida bwino atsala ndi buleki yofewa monga kale.

Popita ku sitolo, kaya ku Limbe kaya pa Migowi, wogula atenge paipi yakale ndi mabawuti ache, nayerekeze zinthu zinai.

Utali. Uyesedwe gudumu la kutsogolo litanyamulidwa kuti mafoloko atambasuke onse, handulo itakhotetsedwa mbali zonse ziwiri. Paipi yaifupi ikokeka njinga ikadumpha pa chigwembe. Yaitali ikhula tayala kapena kukodwa m'zitsamba za m'njira za kumudzi. Amene anasintha handulo naika yaitali ayese mwatsopano.

Mitu. Ku mapeto onse awiri kuli kamutu kachitsulo kabowo, kamene amati banjo. Ina iri yoongoka, ina yokhota. Kukhota kwache kufanane ndi kwa yakale, kuti paipi isapotokole poimanga.

Mazinga a bawuti, ndiyo mizere yache yozungulira. Mabawuti ambiri a paipi ndi a mamilimita 10, koma mazinga ali a mitundu iwiri, 1.25 ndi 1.0. Njinga zambiri za ku Japan ziri ndi 1.25, ndipo zambiri za ku Ulaya 1.0. Bawuti yoyenera ilowa ndi zala. Yokakamiza ndi sipanala idya mazinga a kapampu kapena a kalipa, ndipo kuonongekako kuposa mtengo wa paipi.

Zolembedwa. Paipi yeni yeni ya buleki iri ndi malemba monga DOT kapena SAE J1401, ndipo mitu yache inapanidwa ndi makina ku fakitale. Paipi ya petulo kapena ya madzi siingapirire mphamvu ya buleki. Paipi yong'ambika simangidwa ndi legeni, waya kapena guluu. Itayidwe.

Kayalidwe ka Mapaipi

Njinga ya disiki imodzi, monga zambiri za kuno, ifuna paipi imodzi yosalumikiza, kuchokera pa kapampu kufikira pa kalipa, yodzera m'timikombero tonse timene fakitale inaika. Ngati kumbuyo kulinso disiki, paipi yache italikirane ndi cheni ndi ekizozi.

Njinga zazikulu za madisiki awiri kutsogolo ziri ndi njira zitatu. Yoyamba, paipi imodzi itsika kufikira pa kachitsulo kogawa mafuta, pamenepo nituluka awiri. Mafakitale ambiri atsata njira iyi. Ikhala yaudongo, koma malo olumikizira achuluka, ndipo pali ponse polumikizira pangadonthe kapena kusunga mpweya. Yachiwiri, mapaipi awiri atali achokera pa kapampu pomwe, omangidwa pa bawuti imodzi yaitali. Malo olumikizira achepa, ndipo thobvu likwera molunjika, motero kubulida sikubvuta. Koma aonetsetse kuti bawuti yaitaliyo sigunda kanthu handulo ikakhota. Yachitatu, paipi imodzi itsikira ku kalipa ya mbali imodzi, ndipo yaifupi idumpha pamwamba pa madigadi kunka ku inzache. Pamwamba pa uta umenewo mpweya ukonda kukhala, ndipo pa miseu ya matope ndi zitsamba paipiyo iri pa malo oopsa.

Owerenga azindikire kuti pa njira zitatuzi palibe imene ionjeza mphamvu ya buleki, pakuti monga mwa mfundo ya Pascal mphamvu ya mafuta ifika ku makalipa onse awiri mofanana. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa malo olumikizira, kufewa kwa kubulida ndi kutetezeka kwa paipi. Njinga zokhala ndi makina a ABS, oletsa gudumu kugwidwa, zipite kwa makaniko wophunzira za makinawo.

Kumanga ndi Kuyesa

Mbali zonse ziwiri za banjo kukhala mawashala a mkuwa kapena a aluminiyamu. Amenewa aphwanyika pomanga kuti atseke mpata, motero agwira nchito kamodzi kokha, ndipo pa kumanga kuli konse pafunika atsopano. Bawuti ya paipi iri ndi bowo m'kati, chotero imangidwe molimba koma mosapyola muyeso, ingathyoke. Paipi ikamangidwa, buleki ibulidwe, handulo ikhotetsedwe uku ndi uku, ndipo mafoloko akankhidwe pansi kangapo, kuona kuti paipi sikukokeka kapena kukhula pena.

Kuyesa koyamba kuchitike pokankha njinga ndi manja, kenaka pa bwalo lopanda anthu pa liwiro lochepa. Mapadi atsopano sagwira bwino kufikira atazolowerana ndi disiki, motero masiku oyamba wokwera ayende mosamala. M'mawa mwache aonenso malo onse olumikizira.

Udindo wa Onse

Malamulo a pa mseu afuna kuti njinga iri yonse ikhale ndi mabuleki ogwira nchito, ndi kuti wokwera ndi wonyamulidwa abvale zipewa zodzitetezera. Koma wapolisi sangaime pa njira iri yonse. Wokwera ali yense ayese mabuleki onse awiri m'mawa asananyamule munthu woyamba. Eni njinga amene abwereketsa kwa anyamata apatule ndalama ya mafuta a buleki ndi mapadi, monga apatulira ya oilo. Atsogoleri a magulu a kabaza angachite bwino kuyendera njinga za pa siteji pao sabata ndi sabata, ndipo mafumu akumbutse anthu za ichi pa misonkhano yao. Nayenso wonyamulidwa asachite manyazi kupempha wokwera kuti akoke chogwirira iye akuona. Chikafika pa handulo, alindire njinga ina. Kuthamanga si kufika.